Mizukwa ya m'nyumba ya mdima imapangidwa bwanji, ndipo tingamange yathu ku Likhubula?

Funso: "Ine ndine mmisiri wa zamagetsi, ndimawotchereranso zitsulo, ndipo ndimakhala ku Chitakale kuno ku Mulanje. Mchemwali wanga amene ali kunja anatitumizira vidiyo pa WhatsApp. Anakwera kangolo kamene kanalowa m'nyumba ya mdima wa ndiwe yani, ndipo m'katimo munali mizukwa yovina imene inkaoneka n'kuzimiririka, zidole zolankhula ngati anthu, komanso moto wosapsereza kanthu. Mayi athu ataona anati mwana wawo walowa m'nyumba ya mizimu, ndipo usiku umenewo sanagone. Ndikufuna kudziwa mmene zinthu zimenezi zimayendera ndiponso ngati zili zoopsa. Alamu anga ali ndi shedi yaikulu imene ikungokhala, mumsewu wopita ku Likhubula, ndipo tikuganiza zoyalamo kanjanji ndi kuikapo ngolo yokokedwa ndi mota ya chigayo, kuti alendo ndi ana asukulu azionera nthano ya Napolo. Kodi n'zotheka?"

Yankho: Bambo, poyamba auzeni mayi kuti agone mtima uli m'malo, pakuti mchemwali wanu sanakumane ndi mzimu uliwonse. Anakumana ndi magalasi, nyale, mapaipi a mpweya ndi kompyuta, ndipo kuseri kwa khoma kunali munthu wovala yunifomu amene ankamuyang'ana pa kamera kuyambira polowa mpaka potuluka. Ndikunena izi monga munthu amene anayamba ntchito pokonza malamba ndi mamota m'fakitale ya tiyi ku Thyolo, kenako n'kukhala zaka zambiri akusamalira makina a malo achisangalalo kunja kwa dziko lino. Tsiku loyamba limene anandiyatsira nyale zonse za m'nyumba yotereyi ndinagwa mphwayi pang'ono, chifukwa ndinapeza chinyumba chonga chosungiramo katundu, makoma opakidwa penti yakuda, mawaya oyenda m'denga, ndiponso tsache ndi ndowa zili pakona. Chimphona chimene chinkakuwitsa alendo chinali ndi nkhope ndi chifuwa chokha, ndipo kumbuyo kwake kunali zitsulo ndi kabokosi ka mafyuzi. Munthu amene anaonapo tiyi akuyenda pa lamba kuchoka pofotetsera, kupita podulira mpaka poumitsira, waona kale theka la luso limeneli. Kusiyana kwake n'kwakuti pa lamba ameneyu pamayenda anthu, ndipo anthu ali ndi maso, mantha ndi manja osakhazikika.

Pa Chingerezi chinthuchi amachitcha dark ride, ndipo si chachilendo kwenikweni. Mu 1928 Leon Cassidy wa ku New Jersey, ku America, anapanga kangolo ka magetsi koyenda pa njanji imodzi yokhotakhota m'nyumba ya mdima, ndipo kampani yake ya Pretzel inagulitsa makina otere m'malo ambiri. Disneyland, malo achisangalalo a kampani ya Disney, itatsegulidwa ku California mu 1955, amisiri ake anatenga nzeru yomweyo n'kuiphatikiza ndi nthano yoyamba bwino ndi kutha bwino. Kuchokera pamenepo makina akhala akusintha, koma maziko ake sanasinthe: wokwera aone chokhacho chimene mmisiri akufuna, pa nthawi imene mmisiri akufuna.

N'chifukwa chake ndimauza achinyamata ofuna kuphunzira ntchitoyi kuti chipangizo chachikulu ndiponso chotchipa kuposa zonse ndi mdima weniweniwo. Panja masana diso limapita kumene lafuna, ndipo limaona msomali, waya ndi penti yosupuka. Mumdima diso limathamangira pamene pali kuwala, monga ngumbi pa nyale, ndipo china chilichonse chimakhala ngati kulibe. Mmisiri sasowa kumanga phiri lonse, amangomanga thanthwe limodzi n'kuliunikira, kenako ubongo wa wokwera umamalizitsa wokha phiri lotsalalo. Zinthu zofunika kuoneka kutali amazipanga zazing'ono n'kuziika m'mwamba pang'ono, motero chipinda cha mamita 10 chimaoneka ngati chigwa. Ngakhale mzere wodikirira uli ndi ntchito pa nkhaniyi. Diso lochoka padzuwa limafuna mphindi zingapo kuti lizolowere mdima, choncho njira yodikiramo amaikonza kuti izidetsedwa pang'onopang'ono, ndipo munthu akamafika pokwerera amakhala atayamba kale kuona zimene akufuna kumuonetsa.

Mitundu yowala ngati ya m'maloto imene mwina munaiona m'vidiyomo imachokera ku nyale ya UV, yofanana ndi kanyale kofiirira kamene a kubanki amaunikira ndalama pofuna kugwira zachinyengo. Kuwala kwake kwambiri diso silikuona, koma penti yapadera ikakulandira imawala ngati yayaka yokha, pamene khoma lakuda, njanji ndi zitsulo zimatsala mumdima. Vuto lake n'lakuti fumbi, ulusi woyera ndi zotsalira za sopo wochapira nazo zimawala, kotero nyumba yotere imafuna kusesa kosalekeza. Moto wosapsereza nawonso ndi wosavuta: nsalu yopyapyala yowuluzidwa ndi fani kuchokera pansi, nyale zofiira ndi zachikasu zothimathima, ndiponso phokoso la nkhuni zothetheka lotuluka m'sipika yobisika. Malo ena masiku ano amaunikira nthunzi ya madzi m'malo mwa nsalu.

Tsopano ndifike pa mizukwa imene inasowetsa mayi tulo, chifukwa apa m'pamene pali luso lokoma kwambiri, ndipo inu nomwe munaliona kale osadziwa. Kumbukirani ulendo wa usiku pa minibasi kuchokera ku Limbe, kondakitala atayatsa kanyale ka m'kati kuti atolere ndalama. Mukayang'ana pa windo mumaona minda ya tiyi kunja, komanso mumaona nkhope yanu ndi ya mnzanu zikuyandama pamwamba pa tiyiyo, zooneka koma zopenyekera. Kondakitala akathimitsa nyale, nkhopezo zimasowa nthawi yomweyo ndipo tiyi amatsala. Mzukwa wa m'nyumba ya mdima ndi umenewo basi. Galasi loyera limadutsitsa kuwala kwambiri, koma limabweza pang'ono, ndipo chinthu chowala kwambiri chikakhala mbali imodzi, chithunzi chake chimaoneka ngati chaima mbali inayo. John Henry Pepper anaonetsa luso limeneli kwa anthu ku London mu 1862, atatenga nzeru kwa injiniya wina dzina lake Henry Dircks, ndipo mpaka lero limadziwika ndi dzina la Pepper. Mu Haunted Mansion, nyumba ya mizukwa imene inatsegulidwa ku Disneyland mu 1969, okwera amayang'ana m'chipinda chachikulu chovinira chimene mulibe aliyense. Pakati pa iwo ndi chipindacho pali magalasi aakulu amene sawaona, ndipo zidole zovinazo zili m'zipinda zakuda pansi ndi pamwamba pa njira ya ngolo zawo. Nyale zikaunikira zidolezo mizukwa imaonekera, zikathima imazimiririka.

Yesani nokha madzulo ano ndipo muwaitane mayi. Tengani katoni yaikulu, muchotse galasi pa fulemu ya chithunzi, mulipukute mpaka pasakhale chidindo cha chala ngakhale chimodzi, ndipo muliimike m'katonimo mopingasa pa madigiri 45 kwa woonera. Kumbuyo kwa galasi ikani kampando ka chidole kapena kapu, kounikiridwa pang'ono. Kumbali, pamene woonera sangaone, ikani chidole kutsogolo kwa nsalu yakuda, pa mtunda wofanana ndi wa kapu ija kuchokera pa galasi, ndipo muchiunikire ndi tochi ya foni. Chidolecho chioneka chitaima m'kapumo. Mukaphimba tochi pang'onopang'ono ndi dzanja, chisungunuka mayi akuona. Mudzaphunziranso pomwepo chifukwa chimene ogwira ntchito m'nyumba zimenezi amapukutira magalasi m'mawa uliwonse, pakuti kadontho kamodzi kamaulula chinsinsi chonse.

Ngolo nayo ndi chida choyendetsera diso, osati chonyamulira anthu chokha. Zosavuta kwambiri zimayenda pa njanji imodzi, ndipo iliyonse ili ndi kamota kake kamene kamatenga magetsi ku chitsulo choyalidwa m'mbali mwa njanjiyo. Zina ndi mabwato okankhidwa ndi madzi oyenda mumfuleni, monga a m'nyumba ya mdima ya Pirates of the Caribbean ya ku Disneyland, ya mu 1967. M'chaka chomwecho amisiri a Disney anayamba kugwiritsa ntchito njira imene anaitcha Omnimover, imene ine ndimaikonda chifukwa ndi m'bale weniweni wa lamba wa m'fakitale. Ngolo zonse n'zolumikizana ngati unyolo umodzi wozungulira ndipo siziima pokweza anthu. Okwera amaponda pa lamba wapansi woyenda liwiro lofanana ndi la ngolozo n'kukhala. Pansi pali kanjanji kachiwiri kamene kamatembenuza mpando kumanja, kumanzere kapena chambuyo, ndipo mpandowo uli ndi chotchinga kumbuyo ndi m'mbali, choncho wokwera sangacheukire kumene kuli mawaya. M'chotchingamo muli timasipika, kotero mawu a wofotokoza nthano amafika m'khutu mwa munthu aliyense pa malo oyenera. Zamakono zinapitirira apa. Indiana Jones Adventure ya mu 1995 ili ndi magalimoto amene thupi lake limagwedezeka pamwamba pa matayala ngati lole pamsewu wokumbika, pamene pansi pali posalala. Pooh's Hunny Hunt ya ku Tokyo, ya mu 2000, ilibe njanji n'komwe, ndipo kompyuta ndi imene imauza ngolo iliyonse kokhotera. Zimenezi n'zodula kwambiri ndipo sizikukhudza shedi ya alamu anu.

Chimene alendo sachiganizira n'chakuti chilichonse m'katimo chimadikira ngolo. Pa njanji pali masensa, tizipangizo tozindikira kuti chinthu chadutsa, ena a maginito, ena a kuwala, ofanana ndi amene amaimitsa lamba akapatuka. Ngolo ikadutsa pa sensa, kompyuta yoyang'anira chionetsero imayatsa nyale, imatsegula chitseko, imadzutsa chidole ndi kuliza mawu, kenako imabwezera zonse mmene zinalili kuti ngolo yotsatira iyambe kuona kuchokera pachiyambi. Njira imakhotakhota dala, ndipo pakati pa zipinda pamakhala zitseko kapena makoma okutidwa ndi zinthu zomeza phokoso, kuti amene ali m'chipinda chachiwiri asamve kukuwa kwa a m'chipinda chachitatu n'kudziwiratu kuti kutsogolo kuli choopsa. Ntchito yoletsa phokoso kudutsa makoma inkatidyera nthawi yambiri kuposa ya zidole, ngakhale palibe mlendo amene anatiyamikirapo chifukwa cha iyo.

Zidolezo zimayenda ndi mpweya wa kompuresa ngati zikungofunika kudzambatuka n'kubwerera, ndi mafuta opanikizidwa ngati zili zolemera, ndipo zatsopano zambiri zimayenda ndi timamota ta magetsi timene timatha kutukula chikope chokha. Disney inayamba kuonetsa zidole zoyenda mogwirizana ndi mawu mu 1963, ndipo mu 1964 ku New York anthu anaona chidole cha Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa America, chikudzuka pa mpando n'kulankhula. Kupanga chidole choyenda kamodzi si nkhani, ndipo inu mukhoza kuchipanga ndi mota ya waipa ya galimoto. Nkhani ndi kubwereza. Ngati ngolo ikudutsa masekondi 20 aliwonse kwa maola 10, chidolecho chimatukula mkono ka 1,800 pa tsiku, ndipo pa chaka chimapitirira ka 650,000. Malaya ake amang'ambika pa chigongono, khungu la labala limang'aluka pakamwa, ndipo mabawuti amamasuka. Telala wathu anali ndi ntchito yochuluka mofanana ndi ine.

Nyumba yokongola imene alendo amaiona kunja kawirikawiri si imene ngolo zimayendamo. Ku Disneyland, chipinda choyamba cha Haunted Mansion chimene makoma ake amaoneka ngati akutalika ndi chikepe chachikulu, chimene chimatsitsa anthu kuti adutse pansi pa njanji ya sitima yozungulira malowo n'kukalowa m'chinyumba chachikulu chobisika kuseri. Amisiri anali ndi vuto la malo ndipo analisandutsa gawo la nthano. Kukula kwa nyumba ndi utali wa njanji zimachokera ku masamu a anthu okwera pa ola. Ngolo ya anthu 6 yonyamuka masekondi 20 aliwonse imanyamula anthu 1,080 pa ola, ndipo ikachedwa masekondi 10 okha pa ulendo uliwonse chiwerengerocho chimatsika kufika pa 720. Ichi n'chifukwa chake ogwira ntchito pokwerera amaoneka ngati akukufulumizitsani.

Za kuopsa, yankho langa n'lakuti nyumba yomangidwa ndi kusamalidwa motsatira malamulo ndi yotetezeka kwambiri, ndipo chitetezo chake sichidalira kusamala kwa munthu mmodzi. Njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo lamulo lake ndi lomwe la sitima zapamtunda: chigawo chimodzi, ngolo imodzi. Ngolo siloledwa kulowa m'chigawo mpaka sensa itatsimikizira kuti yakutsogolo yatulukamo. Kompyuta yoyang'anira zimenezi, PLC imene mumaidziwa m'mafakitale, ndi yosiyana ndi ya chionetsero, ndipo zizindikiro zofunika zimawerengedwa kawiri. Masensa awiri akatsutsana, makina safunsa kuti wolondola ndani, amangoima. Mabuleki amapangidwa ngati a lole, otsekedwa ndi sipuling'i ndi kutsegulidwa ndi mpweya kapena magetsi, choncho magetsi akathima kapena paipi ikaphulika amagwira okha. M'mawa uliwonse tisanatsegule tinkayenda njanji yonse wapansi nyale zili zoyaka, makiyi a switchi yaikulu ali m'thumba mwa amene ali pa njanjiyo, kenako tinkayendetsa ngolo zopanda anthu ndi kuyesa batani lililonse loimitsira mwadzidzidzi.

Muuzeni mchemwali wanu kuti ngolo ikaima pakati pa mdima asachite mantha, ndipo asatuluke. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono, monga kuchedwetsa ngolo kuti munthu wa pa njinga ya olumala akwere bwino. Tsiku lina tinaima kwa nthawi ndithu chifukwa kapusi ya mwana inagwera pa sensa. Bambo wina anatopa kudikira, anadzisolola pansi pa chitsulo chotchingira m'chiuno n'kutsika kuti afune khomo yekha. Ndinamupeza atagwira khoma, phazi lili pafupi ndi dzenje la makina a chidole, ndipo sankadziwa n'komwe kuti pansi pamenepo palibe simenti. Ngozi zambiri zimene ndinaziona zinayamba ndi munthu woimirira, wotulutsa dzanja kapena wofuna kutola foni. Amayi oyembekezera, odwala mtima, msana kapena khosi awerenge chikwangwani cha pakhomo, makamaka pa ngolo zogwedeza, ndipo amene ali ndi khunyu afunse kaye dokotala, chifukwa nyale zothwanimathwanima zimatha kuyambitsa kugwa kwa ena mwa iwo. Wa mphumu adziwe kuti utsi wa makina umene amaufuka m'zipinda umatha kumubanikitsa.

Tsopano za shedi ya alamu anu. Maganizo ake ndawakonda, koma ngolo yokokedwa ndi mota ya chigayo ndikukuletsani mosapita m'mbali. Mota imeneyo imazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi kapena kuposa, pamene ngolo ya mumdima imafuna liwiro losaposa la munthu woyenda pansi, kuyamba mofewa ndiponso kuima nthawi yomweyo. Giyabokosi mukhoza kuipeza ku Limbe, ndipo sindikukayika kuti njanji mungaiwotcherere bwino. Chimene simungachipange m'shedi ndi zonse zimene ndafotokoza pamwambapa zoimitsa ngolo chingwe chikaduka, mwana akaika phazi pa njanji, kapena magetsi akabwera mwadzidzidzi wina ali pansi pa ngolo. Mota yamphamvu yokoka chingwe mumdima, pakati pa ana 30 osangalala, ndi chigayo ndithu, ndipo sichisankha chimene chikugaya. Ngati tsiku lina mudzafunebe ngolo, pulani yake iyenera kuwerengedwa ndi kusainidwa ndi injiniya wovomerezeka, ndipo kampani ya inshuwalansi ivomere kaye musanakweze munthu.

Yambani ndi nyumba yoyendamo wapansi, magulu a anthu 6 kapena 8 otsogozedwa ndi wofotokoza nthano wonyamula tochi. Zonse zokoma zimene mchemwali wanu anaona zimatheka popanda njanji: mdima, galasi la mizukwa, penti yowala, moto wa nsalu, mabingu a m'sipika, mphepo ya fani ndi timadontho ta madzi kumaso. Wotsogolerayo amagwira ntchito ya ngolo, chifukwa ndi iye amene amauza anthu poima ndi poyang'ana, ndipo m'malo mwa masensa mukhoza kuika maswitchi obisika amene iye azidina. Kuno kwathu kulinso chuma chimene malo akunja amachigula modula, ndicho anthu odziwa kukamba nthano. Otsogolera alendo kuphiri a ku Likhubula akhala akusimba za Sapitwa ndi Dziwe la Nkhalamba kwa zaka zambiri, ndipo amadziwa pamene mlendo amakhala chete ndi pamene amaseka. Gwiritsani ntchito nyale za LED za mavoti 12 zoyendera batire ndi sola. Sizitentha kwambiri, sizipha munthu akakhudza waya, ndipo chionetsero chanu sichiima magetsi akathima.

Musaganize komabe kuti kuchotsa ngolo kwachotsa ngozi yaikulu, pakuti mdani woyamba wa nyumba za mdima ndi moto. Pa 9 June 1979 moto unabuka mu Ghost Train ku Luna Park, mumzinda wa Sydney ku Australia, ndipo anthu 7 anafa, 6 mwa iwo ana. Pa 11 May 1984 achinyamata 8 anafa mu Haunted Castle ku New Jersey, ndipo imeneyo inali nyumba yoyendamo wapansi ngati imene ndikukulangizaniyi. Chimene chimapangitsa nyumba yotere kukoma n'chomwe chimaipangitsa kukhala msampha: njira zokhotakhota, mdima, makoma a matabwa, nsalu ndi siponji, ndiponso anthu amene akaona utsi amayamba aganiza kuti ndi gawo la masewero. Choncho musaikemo siponji ya matiresi, mapepala a pulasitiki akuda, udzu kapena makatoni, ngakhale zili zotchipa ndiponso zooneka bwino. Kandulo, koloboyi ndi fodya zisalowe. Chipinda chilichonse chikhale ndi khomo lotulukira panja lotsegukira kunja, losakhomedwa loko nthawi ya ntchito, lokhala ndi chizindikiro chowala cha batire yakeyake. Pakhale switchi imodzi imene ikadinidwa imayatsa nyale zoyera m'nyumba yonse ndi kuzimitsa phokoso lonse, ndipo aliyense wogwira ntchito aidziwe ngakhale atatsinzina. Musanalandire mlendo woyamba, dzazani nyumbayo ndi achibale, muzimitse zonse, muwerenge masekondi amene atenge kuti atuluke, ndipo mubwereze mpaka mutakhutira.

Nyengo ya kuno muiwerengerenso. Chiperoni chikakhala masiku atatu, galasi limachita nthunzi ndipo mzukwa wanu umasanduka chifunga chopanda nkhope, mawaya amachita dzimbiri polumikizira, ndipo nsalu zimanunkha nkhungu. Shedi ya malata yotsekedwa kuti musalowe kuwala imasanduka uvuni mu October. Mufunika mipata yolowetsa mpweya yokhota ngati chigongono ndi yopakidwa penti yakuda m'kati, kuti mpweya udutse koma kuwala kutsale panja. Matabwa onse akhale pamwamba pa simenti chifukwa cha chiswe.

Pa nthano ya Napolo ndili ndi mawu amene si a uinjiniya. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kukokolola midzi ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo ena mwa ana asukulu amene mukufuna kuwalowetsa m'shedimo anamva mkokomo weniweni wa madzi ndi miyala usiku, ena anataya makolo. Chimene kwa mlendo wochokera ku Ulaya chili nthano yokoma, kwa mwana wa m'tsinde mwa phiri chikhoza kukhala usiku uja ukubwerera. Sindikunena kuti nkhaniyo isakambidwe, koma khalani pansi ndi mafumu, akuluakulu a m'deralo ndi aphunzitsi, mumve zimene akuona kuti n'zoyenera kuonetsedwa ndi zimene ziyenera kusiyidwa, makamaka zokhudza mizimu ya kuphiri imene anthu ambiri amailemekeza. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi ulendo wokwera phiri usiku, wodutsa m'nkhalango ya mkungudza, m'chifunga ndi pa mathithi, wokhala ndi zodabwitsa zambiri ndi zoopsa zochepa. Ana aang'ono akhale ndi ulendo wawo wa nyale zowala pang'ono, ndipo mwana amene wakana pakhomo asakakamizidwe ndi mphunzitsi kapena anzake.

Musanagule msomali, jambulani pulani ya shediyo yoonetsa njira, makomo ndi mawaya, ndipo mupite nayo ku khonsolo ya Mulanje kuti akuuzeni zilolezo zofunika pa nyumba yolowa anthu ambiri. Pemphani a ozimitsa moto aione pulaniyo ndipo adzayenderenso nyumbayo ikatha. Ngati inu mulibe chilolezo cha MERA choika magetsi m'nyumba, pezani amene ali nacho kuti ayese ndi kusainira ntchito yanu, ndipo denga ndi makoma a shedi yakaleyo aonedwe ndi injiniya wa zomangamanga musanapachikepo chilichonse cholemera. Pa za masensa ndi tizipangizo toyendetsa nyale ndi mawu, ophunzira a uinjiniya a ku yunivesite ya MUST ku Ndata kapena ya MUBAS ku Blantyre akhoza kukuthandizani, ndipo ntchito yotere ndi imene ambiri a iwo amaifuna kuti ayesere zimene aphunzira. Mukayesa katoni ija ndipo mzukwa ukaoneka wofooka, vuto silikhala galasi kawirikawiri: chepetsani kuwala kumbuyo kwa galasi, onjezani pa chidole, ndipo muonetsetse kuti nsalu ya kumbuyo kwa chidolecho ndi yakuda yosanyezimira. Mundilembere mmene zayendera, ndiponso zimene mayi anena ataona chidole chikusungunuka m'kapu yawo.